Funsani Azakhali: Ndikasiya ntchito, malipiro amodzi atifikitsa kumapeto a mwezi?

Mwezi uno makalata ambiri amene ndalandira ndi a nkhani imodzi, kusiya ntchito. Kaya anthu angotopa kaya ndi Januwaleyu amene amapangitsa munthu kuganiza zambiri usiku, kaya. Ndasankhapo atatu, awiri a ku Thyolo imodzi ya ku Mulanje. Maina a anthu ndi a makampani ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Azakhali muli bwanji? Ine ndine mayi wa ana atatu ndimakhala ku Luchenza koma ntchito ndimagwira pa esiteti ina ya tiyi ngati kalaliki, ndakwanitsa zaka 7. Nkhani yanga ndi yoti ndatopa azakhali. Nyengo ya mvula ino tiyi akachuluka ndimadzuka 4 koloko, ikamati 5 ndili pa siteji, pobwera ndimafika kutada ana atagona kale, Loweruka lomwe ndili kuntchito. Mwana womaliza ali ndi chaka ndi miyezi 3 ndipo amadwaladwala, atsikana antchito ndasintha anayi chaka chimodzi wina anangonyamuka osatsanzika mwana kumusiya kwa aneba. Ndimalandira K230,000 akadula zonse, mtsikana ndimampatsa K45,000, minibasi ndi kabaza kupita ndi kubwera K3,000 patsiku. Lendi K70,000 ndi ndiwo ndimaona ndine, bambo akunyumba ndi aphunzitsi iwo amaona fizi ya mwana wamkulu amene ali folomu 2, chimanga ndi magetsi. Ndawauza kuti ndikufuna ndisiye ndizisamala mwana uku ndikupanga kageni ka zinanazi ndi kaunjika nde iwo akuti siya ine ndikwanitsa ndine mwamuna. Koma chimene chikundiopsa nchoti zaka 16 tili pabanja sindinaonepo payslip yawo, ndikafunsa amati za ndalama zanga zikusiye bola ukudya. Anzanga kuntchito akuti ndikasiya ndilandira severance, ndalama ija amapereka ntchito ikatha, ya zaka 7 ndi penshoni yonse ndiye mpamba ndi umenewo. Ndisiye kapena ndipirire?
Mayi wotopa, Luchenza

Mwana wanga, pepani ndi kutopako. Sindikuuzani kuti pirirani ayi, mawu amenewa tawauza amayi ambiri mpaka ena BP inawagwetsa pa siteji. Kufuna kukhala ndi mwana wodwala si ulesi. Koma kalata yosiyira ntchitoyo musalembe kaye, tiyeni tikhale pansi tiwerenge.

Mumagwira masiku 6 pa sabata, pamwezi tingoti masiku 26. Thiransipoti K3,000 patsiku ikukwana K78,000. Kuphatikiza K45,000 ya mtsikana ndi K123,000. Ndiye pa K230,000 ija imene imalowadi m'nyumba ndi K107,000 basi, ndipo apa sindinawerenge nsima ndi sopo wa mtsikanayo, tchipisi cha masana, ndi timasonkhamasonkha ta kuntchito toti uyu wamwalira uyu akukwatitsa. Mukuona? Theka la malipiro anu likuthera pa kukufikitsani kuntchito komweko. Imeneyi ndi nkhani yabwino kwa inu, chifukwa dzenje limene musiye pakhomo ndi laling'ono kuposa mmene mumaopera.

Koma dzenjelo lilipo, ndipo ndi lendi ndi ndiwo. Zinthu ziwiri zimene sizidikira. Nsapato imadikira, makatani amadikira, landilodi sadikira ndipo ana sangadye nsima ndi mchere masiku 30. Ndiye chimene tikufuna kudziwa nchimodzi: kodi pa malipiro a bambo, akachotsa fizi, chimanga ndi magetsi, pamatsala K100,000 ndi kakuti mwezi uliwonse? Inu simukudziwa. Ine sindikudziwa. Mwinanso bambo eni ake sanakhalepo pansi nkuwerenga, amuna ambiri mawu oti ndikwanitsa amawanena ndi mtima wabwino ndithu koma cholembera sanagwire. Amene akudziwa ndi payslip ija.

Ndikuuzeni chifukwa chake ndikukakamira kapepala kameneka. Ine ndinasiyapo ntchito ya mu shopu ina ku Limbe ana anga ali aang'ono, malemu bambo akunyumba atandiuza chimodzimodzi kuti siya ndikwanitsa. Mwezi woyamba zinayenda, wachiwiri ndinaona ndalama ya ndiwo ikubwera moduladula, wachitatu pochapa malaya ndinapeza kapepala m'thumba, kuona, maloni awiri akudula pamwamba ndalama isanafike nkomwe ku banki, imodzi anatengera malata a kumudzi kwawo inayo mpaka lero sindidziwa. Sanali munthu woipa ayi, ankangochita manyazi. Koma manyazi awowo tinawadya tonse ndi bonya chaka chathunthu. Antchito ambiri olandira pamwezi amene ndimawadziwa, a m'boma ndi a m'makampani omwe, payslip yawo ili ndi loni, ndiye munthu akamabisa kapepalako nthawi zambiri sikuti ndalama ndi zambiri, amabisa kuchepa kwake. Sindikunena kuti amuna anu ndi choncho, ndikungoti simungadumphire m'madzi musanaponyemo ndodo.

Kafunsidwe kake kakhale kanzeru. Osati pa nthawi imene mwangokangana, osatinso ana ali pompo. Mukatha kudya madzulo, tulutsani payslip yanu inuyo poyamba, ikani pa tebulo pamodzi ndi kope, muwauze kuti bambo, ine ndikufuna kusiyadi koma ndithandizeni tione ngati zikukwana. Lembani zonse, lendi, fizi ya chaka chonse kugawa pa miyezi 12, chimanga ndi chigayo, ndiwo, makala, mayunitsi a ESCOM, madzi, sopo, mchere, mafuta, shuga, chopereka cha ku tchalitchi, ya amayi anu ndi ya amayi awo, ndi kabaza wa usiku mwana akatentha thupi chifukwa mwanena nokha kuti amadwaladwala. Akavomera kutulutsa yawo, thokozani ngakhale mupezemo zokhumudwitsa, musakuwe. Akakana, itanani ankhoswe, ntchito yawo ndi imeneyi sikuti amangobwera mbale zikasweka. Akakanabe pamaso pa ankhoswe ndiye ine yankho langa ndi loti musasiye. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sakani kaye njira zina, kupempha akusinthireni gawo, kapena kuitanitsa wachibale wamkulu wodalirika adzakhale ndi mwana mmalo mwa atsikana ongotola.

Tsopano tinene kuti aonetsa ndipo pa pepala zikuoneka ngati zikwana. Pepala limanama. Yesani kaye muli pantchito pompo. Kuyambira malipiro a mwezi uno, nyumba yonse iziyenda ndi ndalama ya bambo yokha, inu pa yanu muzingochotsa thiransipoti ndi ya mtsikana, K107,000 yotsalayo muziitsekera ku akaunti ina kapena ku SACCO, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama lija, osati pa Airtel Money kapena Mpamba pamene chala chimayabwa usiku. Miyezi itatu. Mukafika osaikhudza ndiye kuti zitheka ndipo muli ndi K321,000 pambali. Mukapezeka pa 18, mwezi usanathe, mwayamba kale kutapako, mwadziwa zoona zake ntchito mukadali nayo. Pa miyezi imeneyi funsaninso za tchuthi chanu, lamulo la ntchito limati wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18 atchuthi pachaka, wa masiku 5 ali ndi 15. Ndikudziwa kuti nyengo ino mabwana a tiyi safuna kumva za tchuthi, komabe funsani, nkhani ya mwana wodwala inenedwe.

Miyezi itatu imeneyi ikuthandizaninso pa china. Panopa ndi nthawi yoipitsitsa yosiyira ntchito. Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakhala pamwamba, ndipo ife a ku Thyolo ndi Mulanje minda yathu mukuidziwa, tiyi anatenga malo, kamunda ka munthu chimanga chake sichifika ndi Okutobala yemwe, ambiri timadalira chogula, china chochokera ku Mozambique kudzera ku Muloza. Mukayesa mpaka Epulo, nkupereka notisi, muzidzachoka cha kumapeto a Meyi anthu akukolola mtengo utatsika. Pa ndalama mwasunga ija chinthu choyamba kugula chikhale matumba a chimanga oti akufikitseni kukolola kwina, muthire mankhwala a anankafumbwe kapena musunge m'matumba a PICS osalowa mpweya aja. Nyumba ya malipiro amodzi ikakhala ndi chimanga m'chipinda tulo timabwera. Chinanso, mukadzafika Meyi tiyi atachepa ntchito itapepuka mwina mudzapeza kuti mtima wosiya wachepanso. Zikadzatero musadzachite manyazi kusintha maganizo.

Za anzanu a kuntchito aja. Akunamizani, kapena nawonso anangomva. Munthu wosiya yekha ntchito salandira severance. Lamulo la ntchito la 2000, mmene analikonzera mu 2010, limapereka severance kwa amene wachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa anthu kapena yagwa m'mavuto a zachuma, ndi amene wachotsedwa mopanda chilungamo. Kawerengedwe kake ndi malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse zaka 5 zoyamba, masabata 3 pachaka kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10, ndi masabata 4 kupitirira apo. Inu wa zaka 7 akanakhala masabata 16. Ndalama yooneka ndithu, koma mukalemba nokha kalata mwaitsanzika. Chimene mudzalandire ndi malipiro a masiku mwagwira, ndalama ya tchuthi chimene simunapite, ndi kalata yosonyeza kuti munagwirapo ntchito, ndipo ndalamazo ziyenera kutuluka pasanathe masiku 7. Notisi kwa wolandira pamwezi ndi mwezi umodzi, perekani yolemba ndipo kope lake musunge.

Penshoni nayo siibwera mawa lake ayi, ndipo siibwera yonse. Mwezi uliwonse inu amakudulani 5 pa 100 iliyonse abwana nkuikapo 10. Lamulo la penshoni la 2023 limalola munthu kupempha ndalama akakhala miyezi itatu osapeza ntchito ina, kale inali miyezi 6, koma gawo lina limatsala kudikira nthawi yopuma. Pitani kwa amene amasunga penshoni yanu akupatseni sitetimenti muone ndi maso anu, muonenso ngati abwana akhala akutumizadi mwezi ndi mwezi. Ndipo dziwani kuti 10 ya abwanayo nayonso mukuitaya mukasiya, pa masamu athu aja sinaoneke koma mudzaikumbuka muli agogo.

Kageni kaja. Ndikufuna muchite, mayi wokhala pakhomo wopanda yake ya m'thumba amafika popempha ndi ya mchere yomwe. Koma pa bajeti musalembepo phindu la geni ngakhale K1, kwa miyezi 6 yoyamba muzichita ngati kulibe. Zinanazi zili ndi nyengo, zikachuluka aliyense mumsewu wa ku Mulanje ali nazo mulu mtengo uli pansi, ndipo sizisungika, masiku ochepa zayamba kununkha ngati mowa. Kaunjika belo mumagula lomanga, mutha kutsegula nkupeza theka ndi zigamba, ndiye kukaoda ku Limbe ndi kuzungulira masiku a msika mwana wodwala ali kumsana, kodi si kudzuka 4 koloko komwe kuja mukuthawa? Yambani ndi chimene mungagulitsire pakhomo, ndi mpamba woti ukalowa m'madzi simulira sabata yonse. Ndipo mpamba ukhale ndi kachikwama kake. Geni zambiri za amayi sizifa ndi msika, zimafa ndi tomato wa madzulo, lero mwatapa K1,000 mawa K2,000 mwezi ukamatha tebulo lili mbee. Ena amene amapha geni ndi aneba a ndipatseni ndidzapereka mwezi ukatha.

Chomaliza kwa inu, ndipo ichi mugwirizane musanasiye osati mutasiya. Pa bajetiyo pakhale mzere wa dzina lanu. Kaya K15,000 kaya K20,000, yanu, ya mafuta odzola, ya kumwezi, ya mayunitsi, yotumizira amayi anu, imene simufunika kufotokozera munthu. Mukasiya mtsikana achoka, ntchito imene mumalipira K45,000 muzigwira ndinu, ndiye musadzamve ngati mukupempha chithandizo.

Azakhali ine ndi bambo wa ana awiri kuno ku Mulanje chakufupi ndi Chitakale. Ndinali dalaivala pa kampani ina zaka 4 koma mu Novembala abwana ananditukwana pagulu kuti ndikuba dizilo zimene sindinapange, mtima unandipweteka ndinangoponya makiyi pa tebulo nkumapita, mpaka lero sindinapondeko. Mayi akunyumba ndi namwino ndiye panopa tikudya zawo. Vuto ndi loti tinamanga kwawo, apongozi akamadutsa amayankhula mokuluwika kuti masiku ano atambala akufungatira mazira. Madam amandipatsa K2,000 m'mawa ngati mwana wasukulu. Ndawauza atenge loni kuntchito kwawo ndigule njinga yamoto ndizipanga kabaza akukana akuti malipiro ndi amodzi. Kodi si kundiderera kumeneku? Komanso ndingakatenge bwanji ndalama zanga ku kampani kuja?
Bambo wokhumudwa, Mulanje

Bambo, kunamiziridwa kuba pagulu kumawawa, pamenepo ndili nanu. Koma makiyi munaponya aja munaponyera limodzi ndi zinthu zingapo. Munachoka opanda notisi, ndipo lamulo limati mbali imene yathetsa ntchito popanda notisi ilipire inzake malipiro a nthawi ya notisiyo, ndiye musadabwe akakuuzani kuti inuyo ndi amene muli ndi ngongole ya mwezi umodzi. Lamulo lomwelo lili ndi malo oti munthu amene wathawa chifukwa khalidwe la abwana linafika posapiririka atengedwe ngati wachita kuchotsedwa, koma pamafunika umboni, amene analipo avomere kuyankhula. Pitani ku ofesi ya leba pa boma sabata ino, osati mwezi wa mawa, dandaulo lotere limafunika lifike pasanathe miyezi itatu ndipo inu kuyambira Novembala nthawi yatsala pang'ono. Zikakanika pamenepo nkhani imapita ku khoti la za ntchito ku Blantyre. Masiku amene munagwira mu Novembala, tchuthi chotsala ndi penshoni yanu funsani zonse. Ndipo ngakhale mtima ukuwawa, kalata yosonyeza kuti munayendetsa galimoto zaka 4 mukuifuna, dalaivala wopanda kalata amene anachoka pa nkhani ya dizilo, mukudziwa nokha mmene mabwana amauzirana pa foni.

Za njinga, mayi akunena zoona. Pakhomo panu mwendo watsala umodzi ndiye mukufuna muumangirire mwala. Loni ya pa payslip amadula kaya njinga yayenda kaya ili kwa makaniki, kaya apolisi aigwira chifukwa cha mapepala, kaya akuba akulandani usiku. Ikatayika njingayo loni imatsala zaka, ndipo apongozi adzapeza nyimbo yatsopano. Ngati kabaza mukumufunadi, pezani mwini njinga muziyendetsa yake nkumampatsa yake ya patsiku, miyezi iwiri, mudziwe ndalama imene imatsaladi mukachotsa petulo ndi zokonzetsa. Mukabwera ndi kope la masiku 60 nkuwaonetsa mayi, kukambirana kwake kudzakhala kwina. Komanso laisensi muli nayo, ino ndi nyengo imene malole ndi mathirakitala a tiyi sapuma, maminibasi a Limbe mpaka Muloza amafuna wogwirizira mnzake akadwala. Ganyu wa sabata imodzi si wonyozeka.

K2,000 mukuinyozayo pamwezi ndi K60,000. Mayi wa ku Luchenza pamwambapa lendi yake ndi K70,000. Ndiye akazi anu akukupatsani pafupifupi lendi ya nyumba kuti muziyenda nayo m'thumba, ndipo simunandiuze kumene imapita. Ngati ikuthera kubetcha mpira ndi pa bawo ndiye ine ndikanakhala iwo ndikanaichepetsa kkkk. Komabe ndikumvetsa chimene chikukupwetekani, ndi kutambasula dzanja m'mawa uliwonse. Zimene ndawauza mayi aja ndikuuzanso akazi anu: payslip ibwere poyera, mulembe bajeti limodzi, yanu ya m'thumba muzilandira kamodzi pamwezi ndipo ikatha yatha. Wolandira malipiro akhale mwamuna akhale mkazi, ndalama ikakhala imodzi onse awiri aidziwe.

Apongozi musalimbane nawo, muli pa chikamwini ndipo pakamwa simungawapose. Chimene chimatseka pakamwa pa apongozi ndi khasu. Mayi akamachokera ku naiti apeze ana asamba apita kusukulu, madzi ali mu ndowa, munda wapaliridwa, kuseri kwa nyumba kuli bedi la mpiru ndi tomato. Ngati muli ndi wantchito kapena mumalemba aganyu kumunda, imeneyo ndi ndalama imene manja anu angabweze mwezi uno omwe. Achimwene anga ena ku Thyolo nthochi zitatha ndi matenda a chisaka aja anakhala zaka ziwiri akudya za akazi awo a geni ya mandasi, iwo ndi amene ankadzuka 3 koloko kukoleza moto ndi kukanda ufa, amuna anzawo ankawaseka pa chigayo. Banja lija lilipo mpaka lero, ena mwa oseka aja ali pa banja lachitatu.

Azakhali thandizeni. Ndinasiya ntchito ya mu saluni chaka chatha nditabereka, amuna anga amagwira pa fakitale ina ya makademiya ndipo ndalama yonse amandipatsa ine kuti ndiziyendetsa, vuto siimakwana nde ndinalowa banki m'khonde zitatu, ndimakongola uku kukabweza uku. Panopa zonse pamodzi zafika K180,000 chiwongoladzanja 20 pa 100 pamwezi ndipo amuna anga sakudziwa kalikonse amangondiyamikira kuti ndimatha kusamala ndalama. Pali mayi wina wa katapila akuti andipatsa nditseke zonse. Ndipange bwanji ndikuopa banja litha.
Mayi wa mantha, Bvumbwe

Mwana wanga, kwa a katapila musapiteko, ngakhale kukawapatsa moni. Panopa chiwongoladzanja chokha mukulipira K36,000 pamwezi ngongole osasuntha, katapila adzaposa pamenepo ndipo iye sadziwa kuti munali limodzi ku kwaya.

Auzeni bambo sabata ino. Ndikudziwa kuti ndi chimene simumafuna kumva. Koma taganizani, adzamva ndithu, funso ndi loti amve kwa inu muli awiri m'nyumba kapena amve tsiku limene amayi a gulu adzabwere kudzanyamula matiresi ndi mapoto aneba akuonerera. Mwamuna amene amapereka malipiro onse m'manja mwa mkazi sapezekapezeka, ndipo mmene mukumunamizira kuti zikukwana mukumumana mpata woti naye aganize, mwina akanasaka ovataimu, mwina mukanasamukira nyumba yotsikirapo kalekale. Ngati mukuopa kuyamba nokha, pakhale nkhoswe wanu. Akwiya, asiyeni akwiye, inu mukhale ndi pepala m'manja losonyeza gulu lililonse ndalama zingati ndi kumene ndalamazo zinapita, ngati zinapita ku ufa ndi ku chipatala pepalalo lidzakuyankhulirani.

Kenako pitani ku magulu onse atatu mukanene zoona, mupemphe kuti masheya anu awerengedwe ku ngongole ndipo chotsalacho muzibweza pang'onopang'ono. Kukongola kwina kulekeretu lero. Mukatha, mutsale ndi gulu limodzi lokha. Ndipo luso lanu lili m'manja, simunalisiye ku saluni kuja, mpando umodzi pakhonde ndi chipeso mwana ali pa mphasa pambali, Lachisanu ndi Loweruka amayi a ku Bvumbwe amafuna kumangitsa tsitsi la ku ukwati ndi ku tchalitchi. Ndalama ya mutu uliwonse izipita ku ngongole tsiku lomwelo isanagone m'nyumba. Mundilemberenso kumapeto a Febuluwale mundiuze kuti bambo anati chiyani ndipo K180,000 ija yatsika kufika pati.